Nyimbo ya Amayi Aakulu pa Tsamba Lapakati

Lolemba

Ndine mkonzi wa magazini! Sindinapemphe. Aphunzitsi a Mkandawire, oyang'anira kalabu yathu ya zolembalemba, afunsa kuti akufuna ndani, anzanga onse ayang'ana pansi, ine ndachedwa kuwerama. Basi chala pa ine.

Ati sukulu ino itulutse magazini ya nyimbo. Liti? Loweruka. Loweruka lomwe lino! Ati kwawo ku Mpoto ana asukulu zoterezi amachita akuseka. Kuno kukutentha, aphunzitsi, sitiseka wamba.

Pa chithunzi cha kalabu cha chaka chatha tilipo chigulu, ena mpaka kukwera pabenchi. Lero belu litangolira tatsala awiri: ine ndi Fanuwelo wa m'kalasi mwathu, katswiri wojambula, waulesi ngati mphaka wa m'golosale.

Dzina ndapereka ndine: Nthungululu.

Zolowamo:
– pachikuto, munthu woyimba gitala
– nyimbo zomwe zavuta pa wailesi
– kwaya ya kutchalitchi kwa a Fanuwelo
– sikiri ya anyamata a kumzikiti kwathu
– mkulu uja woyimba banjo pagombe la ku Ngala
– tsamba lapakati: nyimbo yatsopano ya amayi aakulu.

Mtima wanga uli pa tsamba lapakatilo. Amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, ndi amene akundisunga kuno kuti ndiphunzire. Ndiwonso amapeka nyimbo za gulu la amayi ovina chiwoda la kwathu kuno. Loweruka kubwalo kuli mpikisano ndi amayi a ku Mwadzama, amene anatichititsa manyazi chaka chatha. Nyimbo yatsopano ya chiwoda imabisidwa kuposa mimba yoyamba. Akuphunzira kuseri kwa nyumba, mawu apansipansi, ng'oma ayi, akungogunda ndowa yokutira nsanza. Chifukwa chake chimadziwika: adani akaimva msanga amapeka yankho, ndipo nyimbo yoyankhidwa isanayimbidwe ndi yakufa.

Ine ndekha sandithamangitsa. Kuyambira ndili Sitandade 5 nyimbo iliyonse amayamba kuyiyesera pa ine, akupeta mpunga.

Ndawachonderera mpaka alola. Ati: "Nyimbo zanga zakwatitsa ana a eni mpaka ku Kanyenda, dzina langa silinatchulidwepo n'kamodzi komwe. Ulilembe. Koma pepalalo munthu asalione ife tisanavine. Wamva iwe?"

Ndamva. Ndalumbira mpaka Walahi.

Choopsa ndi chimodzi: a Bakali, mesenjala wa pasukulu, amene amapukusa makina osindikizira. Pepala lililonse lowonongeka amaponya m'katoni, katoniyo imapita kwa akazi awo ogulitsa zitumbuwa kumsika. Mafunso a Jogalafe a temu yatha ndinakumana nawonso kachiwiri atakulunga chitumbuwa, ndipo ndinalepheranso. Choncho zowonongeka zonse ndizinyamula ndekha. A Bakali sindiwauza kuti nyimboyi ndi yachinsinsi. Kuuza a Bakali chinsinsi n'chimodzimodzi kuima pamsika n'kuyimba belu.

Lachiwiri

Mutu!

Fanuwelo wajambula chikuto pa sitensulo, pepala lopyapyala laphula lija limene umalikanda kuti inki idutse. Woyimba gitala wake ngwokongola, ndisaname. Tsitsi ngati chisa cha nkhwazi, buluku lotambalala kumiyendo.

A Mkandawire angoona, agwira pakamwa. "Mukufuna kundimangitsa?" Lamulo sililola mwamuna tsitsi lotere, buluku lotere ayinso. Tammeta ndi mankhwala ofiira ofufutira aja, onunkha ngati utoto wa zikhadabo. Buluku talichepetsa. Tsopano akuoneka ngati kalaliki wa kupositi atanyamula nkhafi.

Dzina nalo lakana kukwana. Fanuwelo wayamba ndi zilembo zikuluzikulu osayeza, pepala lamuthera. NTHUNGULU ali pamwamba, LU womaliza akulendewera m'mbali ngati mwana wokwera lole mozemba. Ati ndi sitayilo.

Masana, kwa ahedi. Awerenga ndondomeko yanga atagwira pensulo yofiira.

Kwaya ndi sikiri: iyambe iti? Ikayamba kwaya, a kumzikiti adandaula. Ikayamba sikiri, ansembe afika pano ndi njinga. "Zonse ziwiri zichoke. Tisunge umodzi." Khwaa, khwaa.

Kenako: "Chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko chili kuti?"

Makina athu satulutsa chithunzi cha kamera. Ndiye Fanuwelo ajambule ndi dzanja? Fanuwelo thukuta kamukamu. Aliyense akuganiza zomwezo: mphuno ikangopindika pang'ono, kapena inki ikadonthera pankhope, tikayankha kuti? Ahedi: "Ayi, ayi, ayi, zisiyeni." Koma ngati Mtsogoleri palibe pachikuto, nkhope ya munthu wina isakhalepo. Kalaliki wathu wachotsedwa ntchito. Yatsala gitala yokha, ili m'malere, yopanda woigwira.

Ndatayipa tsamba lapakati ndi zala ziwiri. Chilembo cha o chikuboola sitensulo ngati nankafumbwe m'chimanga. Nyimboyo nayi:

A ku Mwadzama afika, afika,
nsalu zobwereka m'chiuno.
Vinani pang'onopang'ono, amayi,
mwini nsalu akuyang'ana.

N'zoona, chaka chatha anabwereka nsalu kwa gulu la kwaya, dziko lonse likudziwa. Loweruka bwalo likagwa ndi phwete.

Pansi pake ndatayipa: Wopeka, Asiyatu Sudi. Dzina limeneli pakamwa panga silinatulukepo chibadwire. Ndinachita kucheuka, ngati atulukira kumbuyo kwanga ndi chikoti.

Lachitatu

Ndatopa ngati ndasenza matumba a mpunga, chonsecho ndangosenza mapepala.

Nyimbo za pa wailesi zapita. Fanuwelo anabwera ndi mndandanda wake, a Mkandawire aloza dzina limodzi n'kunong'ona kuti ameneyu masiku ano sakumvekanso pa wailesi. Chifukwa? Palibe akudziwa, palibe akufunsa. Tamufufuta. Kenako ayamba kukayikira wachiwiri. Wachitatu ati mwina ndi msuweni wake wa woyamba uja. Pomaliza atenga pepala lonse, alipinda, aika m'thumba la malaya. "Anthu ali ndi makutu, amve okha."

Tasindikiza tsamba lapakati! Ndati liyambe limeneli, ndilione ndi maso anga.

Inki yatsala ya pansi pa chubu. A Bakali athiramo tiparafini kuti ichuluke. Akupukusa chogwirira, makina akulira ngati chigayo chodwala, iwo akuyimba kasida, nyimbo ya kumzikiti, pansipansi. Akunditchula kuti "amkonzi". Sindikudziwa ngati ndi ulemu.

Zotsatira:
– oyamba: akuda bii, mawu osaoneka, ngati nkhuku yaponda m'matope
– apakati: a Bakali alowetsa mapepala chadodolido
– omaliza: otuwa, koma owerengeka ukawayandikiza kumaso.

Otuwawo ndiwo abwino athu. Tawaika m'kabati, a Bakali akhoma, kiyi m'thumba la kanzu, mkanjo wawo. Owonongeka ndasesa onse, ngakhale limene linagwera kuseri kwa makina, ndapakira m'chikwama. A Bakali akuyang'ana chikwamacho ngati ndawalanda ndiwo. "Amkonzi, pepala silitayidwa." Ndati ndikufuna kukutira makope.

Kunyumba ndayatsira moto. Amayi aakulu aphikira mpunga pa nyimbo yawo yomwe osadziwa. Manja anga akuda mpaka m'zigongono, sopo wakanika, yunifolomu ili ndi chidindo cha chala pachifuwa.

Koma chinsinsi chili bwino. Lero ndigona.

Lachinayi

Wa banjo wapita. Mnyamata wina wa ku Ngala wa Folomu 1 akuti mkuluyo anatsatira usipa kumpoto ndi anzake, banjo anasiya chikole kwa mayi wophika mowa. Ndiyankhule ndi banjo?

Zotsala mu Nthungululu:
– gitala yopanda mwini
– mawu a mkonzi (ahedi awonjezamo ngodya zinayi za chipani, achotsamo nthabwala yanga)
– tsamba lapakati.

A Mkandawire ati kuti ioneke yonenepa tiikemo malamulo a sukulu ndi nyimbo ya sukulu. Nyimbo ya sukulu! Imene timayimba Lolemba lililonse tikuyasamula!

Ahedi akumbukira china. Chosindikizidwa chilichonse chopita kwa anthu chiyambe chaonedwa kuboma. A Mkandawire akuti ndi mwambo chabe, munthu amangodinda. Ndawapempha kuti tsamba lapakati alinyamule mu envulopu yomata, ndipo ndamata ndekha ndi malovu anga. Apalasa njinga dzuwa lili pamutu, abwerako opanda envulopu, opanda chidindo. Ati mawa.

Fanuwelo sanabwere. Ati dzanja latupa ndi luso.

Inki yatsopano yafika lero kuchokera ku Lilongwe, ntchito itatha kale. A Bakali akuisisita ngati mwana wakhanda, akundimwetulira. Sindikudziwa chikuwasangalatsa n'chiyani. Ndachoka msanga, kunyumba kuli ntchito.

Ntchito yake: kusita nsalu za gulu lonse ndi simbi yamakala. Zathu si zatsopano, koma ndi zathu, amayi aakulu akutero mobwerezabwereza. Mawu awasasa, akumwa madzi a chikasu ndi ndimu. Kuseri kwa nyumba amayi a gulu akugunda ndowa, akafika pa "mwini nsalu akuyang'ana" onse akutembenuza khosi pamodzi, maso tong'o, kenako akugwa n'kuseka atatseka pakamwa ndi nsalu kuti oyandikana nafe asamve.

Ndawafunsa ngati akufuna ndiwabweretsere tsamba limodzi alione. Iwo anaphunzira za kumadarasa zokha, zilembo za kusukulu sazidziwa. Ati: "Ayi. Udzandilozere dzinalo titapambana, ndilione mtima uli m'malo."

Msana ukuwawa. Inshallah zitha bwino.

Lachisanu

Mayo ine. Mayo ine!

Nthawi ya buleki a Bakali akundikodola. Atsegula kabati monyadira ngati akuonetsa mkwatibwi. Tsamba lapakati mulu wonse, lakuda bwino, loyera bwino, dzina la amayi aakulu likuwala. Dzulo nditachoka anabwezeretsa sitensulo pamakina n'kusindikizanso ndi inki yatsopano. "Otuwa aja amanyozetsa dzina la mayi wanu, amkonzi. Munthu wamkulu ngati amene uja!"

Ndathokoza. Ndithu ndathokoza! Kenako ndayang'ananso m'kabati.

"Nanga otuwa aja ali kuti?"

"M'katoni."

"Katoni ili kuti?"

Ayang'ana dzuwa pawindo, ati nthawi ya Juma yayandikira, avala kofiya, ulendo kumzikiti. Katoni inapita dzulo madzulo.

Ndathawa Masamu. Ndakoka Fanuwelo ndi dzanja lake lotupalo, liwiro mpaka kumsika. Lachisanu, msika wodzaza, fumbi, ntchentche, achinyamata achipani pachipata akufunsa makhadi a chipani. Langa lili m'chikwama kusukulu. Talowera kwa ogulitsa nkhuni.

Akazi a Bakali ali pamalo pawo, mafuta akuwira, pambali mulu wa mapepala wotsala pang'ono. "Amenewa ndi abwino, mwana wanga, samwa mafuta msanga. A Masamu aja amang'ambika." Kundipatsa chabe akana, ati akulungira chiyani? Ndiye tagula zitumbuwa, chimodzi pepala lake, chimodzi pepala lake, mpaka ndalama ya sopo imene anandipatsa amayi aakulu yathera pomwepo. Fanuwelo akudya. Kwa nthawi yoyamba sabata ino akugwira ntchito ndi mtima wonse.

Ena ndatola:
– m'ngalande
– pansi pa benchi ya telala
– m'manja mwa mwana amene analira mpaka amake kunditukwana
– limodzi yadya mbuzi ndikuona, Mulungu aidalitse.

Ndafunsa kuti ambiri apita ndi ndani. Akazi a Bakali akuganiza, akutembenuza chitumbuwa. "Aa, amayi aja a mpunga a ku Mwadzama. Anali ndi kamtsikana kasukulu, kanayamba kuwawerengera. Kuseka kwake! Anabweranso kudzapempha mapepala okha, opanda zitumbuwa. Kenako onse analowa m'sitolo ya nsalu."

M'sitolo ya nsalu.

Ndakhala pansi pomwepo, pafumbi, ndi yunifolomu.

Kunyumba amayi aakulu mawu abwerera. Akuyesa nthungululu pakhonde, nkhuku zikubalalika. Ndikuyandikira kuti ndiwauze, ndikubwerera. Ndikuyandikiranso, akundituma mchere. Ndikudziuza kuti mawu okha si nyimbo, pepala silinyamula kayimbidwe, silinyamula kutembenuza khosi kuja. Mwina kamtsikanako kamawerenga mopunthwa. Mwina nsalu amagulira maliro.

Sindinawauze. Ndine wamantha, ndalemba ndekha.

Loweruka

Kubwalo anthu ngati nyerere. Dzuwa loswa mtengo. Khadi lero ndanyamula.

Poyamba nyimbo zotamanda Mtsogoleri, magulu onse pamodzi, monga mwa nthawi zonse. Kenako apampando a chipani ayankhula mpaka ana agona pamsana. Ine ndikungoyang'ana kumene atulukire a ku Mwadzama.

A Mkandawire andipeza pansi pa mtengo wa mango, thukuta lili chuchuchu. Ati bambo wodinda wa kuboma uja wapita kumaliro kwawo, envulopu ili patebulo pake, yosatsegula. Popanda chidindo ahedi akana kutsegula kabati. "Mwina temu ya mawa. Usataye mtima, mkonzi." Ndiye kuti Nthungululu situluka. Fanuwelo sanamve, ali kunyumba, zitumbuwa zamugwira m'mimba.

Alendo ndiwo amayamba kuvina. Mwambo umenewu ndinali nditauyiwala.

A ku Mwadzama akulowa pamzere, pang'onopang'ono, mwadala. Nsalu zatsopano, zosachapa, zolimba ngati malata, kapepala ka m'sitolo kakadali kokakamira pa thako la aliyense. Sanachotse dala! M'dzanja lamanja, mmalo mwa kampango, aliyense akukupiza pepala lamafuta. Ndikulizindikira ndili kutali. Ndinatayipa ndine.

Mwini nsalu ndine, ndine,
onani pepala la m'sitolo.
Nyimbo yanu tadyera zitumbuwa,
tipatseni ina, tikadali ndi njala.

Pa "tikadali ndi njala" akusisita mimba, akutembenuzira khosi kwa amayi athu. Bwalo lagwa. Amuna akuponya zipewa m'mwamba, ana akuthamangira kutsogolo, ngakhale apampando akupukuta misozi. Mayi wina wa ku Mwadzama wapereka pepala kwa mphunzitsi wa pulayimale, iye waima pa njerwa n'kuwerengera anthu nyimbo yathu yonse mokweza, ngati chilengezo cha katemera wa ng'ombe. Mpaka "Wopeka, Asiyatu Sudi."

Dzina latchulidwa, pamaso pa Nkhotakota yense. Si mmene ankafunira.

Amayi aakulu aima chilili, wenzulo ili pakamwa, osaiyimba. Sakuyang'ana a ku Mwadzama. Akundifunafuna ine m'gulu la anthu. Andipeza. Mtengo wa mango ndi wochepa, sungabise munthu.

Amayi athu aunjikana, manong'onong'o. Yatsopano siyimbika, ungayimbe bwanji za nsalu zobwereka kwa anthu ovala zatsopano? Alowa ndi ya chaka chatha, yomwe inagonja kale. Akuvina bwino, miyendo ikudziwa ntchito yake, koma anthu akutsatira alendo kumene akukapumira. Otsala ndi ife achibale ndi agalu.

Pobwerera palibe wondiyankhula. Ndasenza ng'oma ndekha mpaka kunyumba, palibe wonena kuti tilandizane. Mayi wina wa m'gulu podutsa wangoti: "Sukulu."

Lamulungu

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

M'mawa ndasesa bwalo lonse, ndatsuka mbale zotsuka kale, ndachapa nsalu za gulu. Ndawafotokozera zonse: inki, kabati, katoni, ubwino wa a Bakali. Amvetsera akupeta mpunga. Ati: "Lachisanu unadziwa?" Ndati eya. Apitiriza kupeta.

A Bakali atumiza zitumbuwa zopepesera. Zokulunga m'masamba a nthochi.

Zotsala za Nthungululu:
– mulu wa masamba apakati m'kabati, okongola, amene aliyense anawamva kale
– envulopu kuboma
– gitala
– inki m'zikhadabo zanga.

Fanuwelo wadutsa akuchokera kutchalitchi, wowonda. Akuti nyimbo ya a ku Mwadzama anyamata a kwaya amayiyimba kuseri kwa tchalitchi. Akuti tisadandaule, magazini ya sukulu ino sinawerengedwepo ndi anthu ambiri chonchi. Ndamuuza apite kwawo.

Masana amayi aakulu andiitana pakhonde. Amasula mfundo ya pansonga ya nsalu yawo, atulutsa pepala lopindapinda, lamafuta, lopondedwa. Anatola kubwalo dzulo, ine sindinaone.

"Dzina lija lili pati?"

Ndaloza. Mafuta alowerera pomwepo, pepala likuonekera kuseri, koma zilembo zilipo. Ayendetsa chala pamwamba pake kuchokera kumanja kupita kumanzere, monga amawerengera kumadarasa. Sindinawakonze.

"Lalifupi chonchi?"

Ndati eya, ndi lomwelo lonse.

Alipindanso bwinobwino, alimanga pamfundo paja. Atenga lichero. Akupeta, akupeta, ndipo ndikumva kanthu kakuyamba kukhosi kwawo, pansipansi, kanyimbo kamene sindinakamvepo. Katsopano! Ndasendera pafupi monga ndimachitira kuyambira Sitandade 5.

Asiya. Andiyang'ana.

"Pita ukatunge madzi."

Mitsuko yonse ndi yodzaza, ndadzaza ndekha m'mawa. Ndatenga ndowa, ndapita.